Shortstop wa baseball woponyera m'mbali: ndimukweze mkono kapena ndimusiye?

Mphunzitsi wa infield (osewera a pafupi ndi mabesi): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mnyamata wa pa shortstop (malo a pakati pa besi yachiwiri ndi yachitatu), kugwira mpira amatha kwambiri. Koma mpira uliwonse amauponyera m'mbali, chigongono chili pansi pa phewa. Ukamafika pa first base (besi yoyamba) umakhotera cha ku home plate (pomwe womenya mpira amaima), kumene wothamanga akuchokera. Wa pa first wayamba kudandaula kuti tsiku lina adzathyoka dzanja. Ndimukweze mkono?

Wakale wa pa third base: Musafulumire, aphunzitsi. Tony Fernández wa Toronto Blue Jays ankaponyera cham'munsi ali chithamangire, koma anatenga Gold Glove (mphoto ya katswiri wogwira ndi kuponya mpira pa malo ake) zaka zinayi zotsatizana, 1986 mpaka 1989. Ine ndikukayikira zala. Mujambuleni ndi foni kuchokera kumbuyo. Chala chamkombaphala ndi chapakati zikatsetserekera pambali pa mpira, umazungulira chopendekeka, n'chifukwa chake ukukhota. Azigwira modutsa misoko, zala zili kumbuyo kwa mpira mpaka utachoka.

Woona za matupi a osewera: Ndifunseko, bambo: anayamba choncho kuyambira ali mwana, kapena zangoyamba? Ngati n'zatsopano, mufunseni za phewa pa awiriwiri, chifukwa anyamatawa amabisa ululu kuopa benchi. Ryan Zimmerman wa Washington Nationals phewa litamuvuta kaponyedwe kanasokonekera, ndipo 2015 anamusamutsira pa first base.

Mphunzitsi wa infield: Ndamufunsa, mayi, akuti sakumva kuwawa. Makolo ake akuti amaponya choncho chiyambire.

Wakale wa pa third base: Ndiye mkonowo ndi wake, usiyeni. Pa double play (kutulutsa othamanga awiri pa mpira umodzi) ndi pa mpira woyenda pang'onopang'ono mudzaufuna womwewo, pajatu pakati pa mabesi ndi mafiti 90 okha, wothamanga amafika m'masekondi anayi ndi pang'ono. Konzani mapazi. Mpira ukabwera molunjika nthawi ilipo, phazi lamanja liponde chopingasa, phewa lamanzere liloze pa first, thupi litsate mpira. Ambiri oponyera m'mbali amatsegula chifuwa msanga, mkono n'kutsalira.

Ndipo chonde musamudzaze mawu m'mutu. Chuck Knoblauch anali ndi Gold Glove ya 1997, koma ku Yankees kuponya kwapafupi kunamukanika mpaka 2001 anamuika ku left field, kutali ndi mabesi. Wosewera akayamba kuganizira mkono wake pa mpira uliwonse, kumubweza n'kovuta.

Mphunzitsi wa infield: Ndamva. Mawa tiyamba ndi zala, atagwada bondo limodzi, kenako mapazi. Za chigongono sindimuuza. Kanemayo ndikutumizirani Loweruka muonenso.