Kodi "kansonga" ka pa Mateyu 5:18 n'chiyani kwenikweni?

Wophunzira wa ku Mchinji:
Akuluakulu, safunsa anadya phula. Ndayamba kuphunzira Chiheberi pandekha, madzulo ndikaweruka, ndi kabuku kamene anandibwereka abusa athu. Zilembo zonse 22 ndaziloweza, ngakhale dzanja likumathamangirabe kumanzere kwa pepala ngati mbuzi yozolowera khola lakale, pamene mzere uyenera kuyambira kumanja.

Lamulungu lapitali kutchalitchi anawerenga Mateyu 5:18 m'Buku Lopatulika, paja pamati "kalemba kakang'ono kamodzi kapena kansonga kake kamodzi sikadzachoka kuchilamulo". Vesili ndalimva kuyambira ku Sande sukulu, koma ulendo uno mawu akuti kansonga anandikola. Nsonga ya singano ndimaidziwa, ya mkondo ndimaidziwa. Nanga chilembo chimakhala ndi nsonga?

Ine ndikuganiza kuti ndi timadontho ta mavawelo timene ndikulimbana nato panopa. Kadontho kamodzi pansi pa chilembo ndi i, tiwiri togona ndi e, titatu tokhala ngati mafuwa ndi e winanso, kamzere kogona ndi a. Kadontho kamodzi kakasowa, mawu asintha. Ndiye si timeneti Yesu ankanena?

Mayi wa kumvano:
Mwanawe, za Chiheberi ndisiyira eni ake, koma liwuli ndi lathu. Malemu agogo anga ankaluka malichero, ndipo akamaliza ankayendetsa chala m'mphepete kufunafuna nsungwi yotsalira yotulukira kunja. Akaipeza ankati, "Kansonga aka kabaya munthu," n'kukasenga ndi mpeni. Kansonga si kanthu kapadera kogwera pambali ayi. Ndi kumapeto kwa chinthu chomwecho, kumene chasongoka. Dontho ndi dontho, lili ndi dzina lake kale.

Mphunzitsi wopuma:
Amayi mwalasa. Ndipo achimwene, werenganinso vesilo pang'onopang'ono: akuti kansonga *kake*. Kake ka yani? Ka kalemba kaja. Omasulira Buku Lopatulika a m'chaka cha 1922 anakuyankhani kale ndi liwu limodzi limenelo.

Koma chachikulu n'chakuti timadontho tanuto kunalibe m'masiku a Yesu. Anatiyambitsa ndi alembi achiyuda otchedwa Amasorete, makamaka a mumzinda wa Tiberias m'mbali mwa nyanja ya Galileya, pakati pa zaka za m'ma 600 ndi m'ma 900. Buku lakale kwambiri limene lili ndi Baibulo lonse la Chiheberi, timadontho tonse tili momwemo, ndi Leningrad Codex, la m'chaka cha 1008. Mpaka lero mpukutu wa Tora, mabuku asanu a Mose, umene amawerenga m'sunagoge ulibe kadontho ka vawelo ngakhale kamodzi.

Kalemba kakang'onoko ambiri amagwirizana kuti ndi yod (י), kamene kamalendewera m'mwamba ngati kambewu ka mpunga. Mateyu analembedwa m'Chigiriki, ndiye pamenepo pali iota, kalemba kakang'ono ka Chigiriki, ndipo pamene ife timati kansonga pali liwu lakuti keraia, kutanthauza kanyanga.

Tsopano tsegulani kabuku kanuko muike dalet (ד) ndi resh (ר) pafupi. Resh ndi wokhota bwinobwino ngati ndodo ya nkhalamba. Dalet ali ndi ngodya, ndipo denga lake limapitirira pang'ono kumanja, ngati phaso lotulukira kunja kwa khoma. Kotulukirako ndiko kansonga. Chimodzimodzi bet (ב) ndi kaf (כ): bet ali ndi kachidendene kumbuyo, kaf alibe.

Musakapeputse. Pa Deuteronomo 6:4, pamene akuti Mulungu ndi mmodzi, liwu lomaliza ndi echad (אחד). Mukasenga kansonga ka dalet, latsala acher (אחר), kutanthauza wina. Alembi ankaopa zimenezi moti dalet wa m'vesi limeneli amamulemba wamkulu kuposa anzake, ndipo pa Eksodo 34:14, pamene akuletsa kulambira mulungu wina, resh wa acher ndi amene amamukulitsa.

Wophunzira wa ku Mchinji:
Aphunzitsi, mwandivula chipewa. Koma mwandisiyira mutu wina. Ngati mavawelo sankalembedwa, anthu ankawerenga bwanji?

Kalaliki wa ku Limbe:
Achimwene, yang'anani foni yanu. Mwana wanga akafuna ndalama amalemba kuti "bwnj dad", ndikamutumizira amayankha "zkm". Sindinalepherepo kuwerenga. Amene chilankhulo anayamwira, mavawelo amakhala m'khutu mwake. Nyuzipepala za ku Israel lero zimasindikizidwa popanda timadontho. Timapezeka m'mabuku a ana, m'ndakatulo, m'mabuku a mapemphero ndi m'Baibulo. Ifenso tili ndi zathu zimene sitilemba. Mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo timalemba mofanana, koma palibe amene anakwerapo mtengo wa sopo.

Ndipo kansonga tili nako kwathu konkuno. Chotsani kachizindikiro kaja pa ng'oma, mupeza mwaitanira anthu kudzavina ngoma, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Makompyuta a kuofesi kwathu amakameza kawirikawiri, ndipo chaka china tinasindikiza chikalata chonena za "ngombe" za mpingo. Anatiseka mwezi wathunthu.

Mlaliki wa ku Chipata:
Ndikugwirizana nanu pa za timadontho, koma aphunzitsi musatseke chitseko msanga. Pali ena amene amati kanyangako ndi tizisoti timene alembi amajambula pamwamba pa zilembo zina mumpukutu wa Tora, totchedwa tagin. Zilembo zisanu ndi ziwiri, monga shin, gimel ndi zayin, zimavala timizere titatu pamutu. Timeneti sitisintha katchulidwe kapena tanthauzo, n'tokongoletsa chabe. Ngati Yesu ankanena timeneti, ndiye kuti mawu ake ndi olemera koposa: ngakhale chokongoletsa sichidzachoka.

Mphunzitsi wopuma:
Abambo, maganizo amenewo alipodi ndipo sindikuwataya. Ine ndimatsamira ku kachidendene ka bet ndi phaso la dalet chifukwa ndi pamene mlembi wotopa, nyale ikuzilala, angalakwitse n'kusintha chilamulo. Koma taonani kuti m'njira zonse ziwiri kansongako kamamera pa chilembo. Liwu la Chichewali likukwana kulikonse.

Achimwene a ku Mchinji, timadonthoto musatinyoze poti si kansonga. Kwa inu ndi ine ndiye ndodo yoyendera. Ndipo tili ndi mwayi, chifukwa m'katchulidwe ka masiku ano zizindikiro zonsezo zimangotuluka a, e, i, o, u, asanu athu omwe aja. Pamene Mchewa amapunthwa ndi pena. Lilime lathu silisiyanitsa l ndi r, pamene lamed ndi resh ndi zilembo ziwiri zosabwerekana. Timakondanso kutseka liwu lililonse ndi vawelo, moti shalom amasanduka "shalomu". Ndiye pali kh: mabuku akalemba melekh, mfumu, ife timatchula ngati kh wa khasu, pamene phokoso lake ndi lokwecha kukhosi, ngati munthu akuchotsa minga ya usipa. Ine nditayamba, mayi akunyumba anandibweretsera madzi kuganiza kuti ndatsamwa.

Mayi wa kumvano:
Bola masiku ano kulakwitsa katchulidwe sikupha. Paja pa Oweruza 12 Aefraimu 42,000 anathera pamadooko a Yordano chifukwa chonena Siboleti m'malo mwa Shiboleti. Akanaika Achewa pamenepo n'kuwauza kuti anene resh, sindikudziwa akanaoloka angati.

Wophunzira wa ku Mchinji:
Zikomo nonse. Usiku wathawu ndinabwereka magalasi a bambo anga n'kutsegula Deuteronomo 6:4 m'Chiheberi pafoni. Dalet wamkulu uja ndamuona, phaso lake lili poyera. Kenako ndinabwerera m'kope langa ndipo ndapeza kuti masabata atatu onsewa ndakhala ndikulemba dalet wokhota ngati resh, masamba asanu ndi limodzi. Ndayamba kukonza ndi bolopeni yofiira.

Tsopano he (ה) ndi het (ח) ndi amene akundizunguza. Mwendo wakumanzere wa he sufika kudenga, pamatsala kampata. Kodi kampata kameneka tingakatchenso kansonga, poti palibe chimene chatulukira?

Mayi wa kumvano:
Ayi mwanawe, kameneko agogo akanati ndi kazenera.