Njinga yanga ikudya petulo ngati galimoto, vuto ndi kabuleta kodi?

Wakabaza_Nchalo:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndagula njinga yakale ya 125 ku Limbe mwezi wathawu, ndimapangira kabaza kuchoka pa Nchalo kupita ku Ngabu nthawi zina mpaka Bangula. Mmawa imalira bwinobwino koma dzuwa likangoswa mtengo ndikaima kuti kasitomala atsike imangozima yokha, kusailensa kukutuluka utsi wakuda ndipo petulo ndiye ikumwa zoopsa, ndalama yonse ikuthera pa pampu. Pulagi ndasintha kawiri yonse ikumada bii ngati makala. Makaniko wina wapoteza kasikuluu ka pa kabuleta kaja wandilipiritsa koma palibe chasintha. Njingayi ndinachita kukongola ndalama, ana akudyera pompa.

Madala_a_Ngabu:
Achimwene kasikuluuko kasiyeni kaye. Pulagi yakuda youma ndi utsi wakuda ndiye kuti petulo akuchuluka mpweya ukuchepa, ndipo kuno kuchigwa wolakwa woyamba amakhala eya kilina, fyuluta yosefa mpweya wolowa mu injini. Fumbi la kuno mukulidziwa, mukangosiya tala wa M1 nkulowa mmidzi kapena muwoloke Shire mupite tsidya la East Bank siponji ya mu eya kilinayo imatsekeka sabata imodzi yokha. Ichotseni, muichape ndi palafini, muifinye osaipotokola, iume, kenako muidonthezere oyilo pang'ono mufinyenso. Ikakhala yapepala musachape, gulani ina. Chonde musamvere anyamata amene amati ingochotsani fyuluta njinga izipuma bwino, mchenga ukalowa umadya maringi ndi silinda, miyezi ingapo mudzayamba kuona utsi wabuluu ndiye ndalama zake nzina.

Onaninso choko, yotseka mpweya poliza injini yozizira, ngati ikubwerera yonse, zambiri zakalezi imakakamira pakati ndiye munthu umayenda tsiku lonse choko ili yotseka theka osadziwa.

Zimenezi zikatheka ndiye mukhudze sikuluu. Injini iyambe yatentha. Mangani pang'onopang'ono mpaka ifike, osakanikiza chifukwa nsonga yake imaphwanyika, mubweze kamodzi ndi theka, kenako muzisuntha pang'onopang'ono mukumvetsera pamene injini ikulira mosalala kwambiri. Sikuluuyo ikakhala mbali ya eya kilina ndi ya mpweya, kumasula kumachepetsa petulo, ikakhala mbali ya injini kumasula kumaonjezera. Ya aidolo, yosintha kaliridwe ka injini njinga itaima, ndi ina, ija yokhala ndi sipuling'i yoonekera kunja, imeneyo mumalizire.

Mayi_wa_ku_Nsanje:
Ine yanga ndimanyamulira nsomba, inandivutapo chonchi chikadutsa chigumula cha Freddy mu 2023. Anatsegula kasikuluu ka pansi pa kabuleta munatuluka madzi ndi dzimbiri. Petulo wa mmabotolo wa mmbali mwa msewu samalani naye achimwene, komanso petulo wathuyu amasakaniza ndi ethanol amene amakoka chinyezi njinga ikakhalitsa osayenda. Ndinaikitsa kafyuluta kapulasitiki pa paipi ya mafuta, kotchipa zedi.

Wakabaza_Nchalo:
Zikomo amayi, wa mmabotoloyo ndimathiradi kukakhala mizere pa filing'i. Madala, siponji ndaitulutsa, ndi dothi lokhalokha mpaka yang'ambika pakona.

Madala_a_Ngabu:
Yong'ambikayo tayani mugule yatsopano, fumbi lakhala likudutsa pamenepo. Ndiye kabuleta muimasule ndithu, majeti onse awiri, timabowo todutsa petulo, muwatsuke ndi petulo woyera nkuuzira mpweya, osatokosa ndi waya kapena singano chifukwa bowo likakula petulo idzamwa kuposa pano. Muone kasingano ka floti, kamene kamatseka petulo akadzaza mu kabuleta, ngati kadyeka, kakatha petulo amasefukira mkati ndipo mumaona akudontha pa kapaipi ka pansi njinga itaima.

Oyilo musinthe lero lomwe, simukudziwa mwini wake wakale anathira liti. 20W-50 lita imodzi imakwana, ndipo ndi kutentha kwa kuno kumene kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ine sindidutsa makilomita 1,500 ndisanasinthe. Mavalavu apimitseni injini itazizira, mmawa isanalire. Tcheni chisathine kwambiri, chizisewera masentimita 2 kapena 3.

Wakabaza_Nchalo:
Ndagula siponji ndi oyilo, floti tikaona mawa mmawa ndi makaniko wina. Ndikaika pulagi yatsopano ndiyende mpaka Ngabu ndidzaichotse ndione mtundu wake, mwati ikhale yofiirira eti madala?