Chikho cha ku China chogwedera chigwiriro, ndiwotcherere kapena ayi?

Mmisiri wa ku Joni: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Kwabwera kasitomala kuno ku shopu ndi kachikho ka makona 8, akuti ndi golide wa nthawi ya ufumu wa Tang ku China, kachigwiriro kake kangati mphete kakugwedera ndiye akufuna ndiwotcherere kenako ndikapolishe kawale. Abwana kulibe mpaka Lolemba ndipo mtima wanga ukukana kuyatsa tochi yowotcherera.

Madala a ku Limbe: Mphwanga tochiyo ikani pansi kaye. Mwatsimikiza kuti ndi golide yekhayekha? Ziwiya zambiri za Tang, kuyambira 618 mpaka 907, zinali za siliva, golide amangomata pamwamba, nthawi zina pa maluwa pokha. Amasakaniza golide ndi mercury, kupaka, kenako kuwotcha kuti mercury ichoke ngati nthunzi koma siichoka yonse, ndi mercury yomwe ija okumba golide amagwirira fumbi la golide kumtsinje. Mukaika moto mupuma poizoni, komanso kagolide kopyapyalako kalowerera mu siliva ndiye basi sikabwereranso.

Wa ku Joni: Ndimati ndikwecheko pang'ono kunsi ndidonthezere asidi.

Asisi a ku Leeds: Ayi achimwene chonde, asidi ndi wa zibangili za masiku ano osati chinthu chakale. Pimani pa sikelo, kenako mangani ndi ulusi mupimenso chili m'madzi, kulemera koyamba mugawe ndi magalamu omwe achoka. Golide weniweni amafika 19.3, siliva 10.5, kopa cha m'ma 8.9. Ndiye tengani galasi lokulitsa muone pakati pa maluwapo, pamakhala timadontho tozungulira tomwe eni ake amati mazira a nsomba, amakhoma kamodzikamodzi ndi kachitsulo koboola kunsonga moti kena kamakwera pa kanzake, mizere siiwongoka ndendende. Zokopera zongothira mu chikombole timadonthoto timakhala tofufuma m'mbali ndipo mumapeza timabowo ta mpweya.

Madala a ku Limbe: Asisi anena zoona. Onaninso zithunzi za zomwe zinafukulidwa ku Hejiacun, mu mzinda wa Xi'an mu 1970, zinthu zoposa 1,000 mu mitsuko iwiri ya dothi ndi umodzi wa siliva, pano zili ku Shaanxi History Museum. Zikho za makona 8 zilimo, kapangidweko anatengera kwa amalonda a ku Sogdiana, dera lakale la pakati pa Asia. Zimenezi ndi zomwe anthu opanga zabodza amakonda kukopera, nde kufanana kokha kusakusangalatseni.

Wa ku Joni: Ndapima. Magalamu 84, m'madzi chachotsa 8, ndiye 10.5 ndendende, siliva ameneyu. Timadonthoto ndi tokhoma ndithu, tina tapondana, ndakhala ndikutiyang'ana mpaka maso kuwawa, mmisiri amene anachipanga anali ndi dzanja eti.

Asisi a ku Leeds: Dzanja lomwelo alipo amene ali nalo lero, musathamangire kumuuza kasitomalayo kuti ndi Tang. Apititse ku XRF, makina aja amaona ngati muli mercury osakanda chinthu, golide womata ndi magetsi anayamba cha m'ma 1840 ndipo alibe mercury. Afunseninso mapepala osonyeza kuti chinatuluka liti ku China, malamulo akumeneko salola zakale ngati izi kutuluka. Polishi asayandikire, fumbi muchotse ndi kaburashi kofewa basi.

Wa ku Joni: Chabwino, ndachikulunga mu pepala lofewa ndaika mu sefa. Ndawaimbira akasitomala aja, poyamba anakwiya kuti ndikuwachedwetsa koma nditatchula za mercury avomera XRF Lachiwiri. Chigwiriro chija ndachiona bwino, ndi kamsomali kamodzi kakhwefuka, ndichisiya choncho mpaka zotsatira zibwere.