Mwana wayamba kuyenda, thanki ya makorali ndiiteteze bwanji?

Bambo wa kamtsikana

Moni nonse. Ndili ndi thanki ya madzi amchere ya malita 250, ndipo m'kabati ya pansi pake muli sump, kathanki kosefera madzi kamene pampu imatengamo madzi n'kuwabweza m'thanki yaikulu. Ndakhala nayo zaka zitatu. Muli nsomba izi: clownfish ziwiri, royal gramma, firefish ndi goby, komanso makorali (zamoyo za m'nyanja zomera pamiyala) awa: ofewa, ma zoa ambiri, ndi hammer imodzi imene inabwera ndi mitu iwiri koma pano ili ndi 7.

Mwana wathu wamkazi wakwanitsa chaka ndi miyezi iwiri. Lachisanu lapitali ndinangotuluka pang'ono kukatenga thaulo. Pobwera ndinamupeza atakhala pansi, chitseko cha kabati chili chotsegula, dzanja limodzi lili mu sump mpaka m'chigongono, dzanja lina atagwira kabotolo ka mankhwala oyezera alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi). Kabotoloko kanali kasanatseguke, koma chivindikiro chake chinali chonyowa ndi malovu. Ndinamunyamula manja akunjenjemera, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione. Akunyumba anandiuza mosapita m'mbali kuti thankiyi itetezedwe, apo ayi ichoke. Sakulakwa.

Vuto lina ndi nthawi. Tsiku lililonse madzi okwana pafupifupi malita atatu amauma, ndipo kale ndinkabwezeretsa m'mawa uliwonse. Pano pamadutsa masiku awiri kapena atatu, mchere n'kukwera pa choyezera kuchoka pa 1.026 kufika 1.027, pampu yobweza madzi n'kuyamba kukoka mpweya, hammer n'kukwinyika. Ndikuganiza zoika ATO (makina obwezeretsa okha madzi amene auma) ndi pampu yomathira yokha mankhwala, koma ndikuopa kuti ndingowonjezera nthambo ndi mabotolo m'kabati momwemo mmene mwana akulimbana namo. Amene munaleraponso ana thanki ili m'nyumba, munayambira pati? Nanga makinawa amathandizadi kapena amangochulukitsa ngozi?

Mayi wa atatu

Pepani achimwene, mantha amenewo ndikuwadziwa. Ine thanki yanga inayamba kubwera ana asanabadwe, ndipo onse atatu akulira pambali pake.

Kabatiyo itsekeni lero lomwe. Maloko amene anandithandiza ine ndi a maginito, omangira mkati mwa chitseko, oti kunja sikuoneka kalikonse. Timaloko tapulasitiki tomata kunja tija mwana wanga wachiwiri anatidziwa katsegulidwe kake asanakwanitse zaka ziwiri, chifukwa ankangoyang'ana zala zanga. Kiyi wa maginitoyo muzimuika pamwamba poti mwana sangafikepo ngakhale atakwera pampando. Mankhwala oyezera madzi achokeremu m'kabati ya pansi. Ambiri mwa iwo ndi asidi kapena mankhwala owotcha, ndipo timabotolo take timaoneka ngati toseweretsa. Anga ali m'kabokosi kokiya pamwamba pa shelefu, m'chipinda china.

Koma chimene chinandiopsa kwambiri ine ndi ndowa. Ndinkasungunula mchere mu ndowa ya malita 20 n'kuisiya usiku wonse kapampu kakutakasa. Tsiku lina m'mawa ndinapeza mwana wanga wamwamuna ataima chonyang'ama, mimba ili pamlomo pa ndowa, akufuna kugwira kapampu pansi. Mwana wamsinkhu umenewu mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi. Akagwera chamutu mu ndowa sangathe kudzitulutsa, ndipo sakuwa ayi, zimachitika mwakachetechete. Madzi ochepa chabe, ongokwana kuphimba mphuno ndi kamwa, ndi okwanira kumiza mwana. Kuyambira tsiku limenelo madzi onse ndimasunga m'zigubu za kukamwa kochepa zotseka ndi chivindikiro chopotokola, ndipo madzi a m'thanki ndimasintha ana atagona basi. Ndowa ikatha ntchito ndimaikhuthula nthawi yomweyo n'kuivundikira.

Pamwamba pa thanki ikanipo chivindikiro chaukonde. Firefish yanuyo imadumpha, ndiye chikuthandizani pawiri. Ukonde sungaletse chilichonse, koma umagwira zambiri zimene mwana amaponya. Ine ndinataya nkhono zonse ndi ma shrimp awiri, osadziwa chavuta n'chiyani. Nkhono zinkangogwa pagalasi n'kugona chagada. Patapita milungu iwiri ndinapeza kandalama kamkuwa kuseri kwa mwala, katachita dzimbiri lobiriwira. Mkuwa ndi poizoni kwa nkhono, ma shrimp ndi makorali ngakhale utachepa chotani. Thanki inachira nditasintha madzi kangapo, kuika makala osefera ndi mankhwala okoka mkuwa, koma zinatenga miyezi.

Maginito opukutira galasi aja musamawasiye pansi poti afikepo. Amapana chala koopsa, ndipo mwana akamawakoka ali ndi kamchenga mkati amakanda galasi. Timaginito ting'onoting'ono togwirizira tizidutswa ta makorali ndiye toopsa kwambiri: mwana akameza tiwiri timakokana m'matumbo mpaka kuboola.

Pomaliza, madzi a malita 250 okha amalemera makilogalamu oposa 250, osawerengera miyala, galasi ndi sump. Kugwa n'kovuta, koma mwana amalendewera pachitseko chotsegula ndiponso amakoka mapaipi. Mangirirani kabatiyo kukhoma ndi malamba, ndipo mpata wa kuseri muutseke ndi thabwa.

Wokonda nthambo

Zimene anena mayiwa ndikugwirizana nazo zonse. Ine ndiyankhe za makina.

ATO ikani, musazengereze. Phindu lake kwa inu ndi lakuti kabati simudzaitsegulanso tsiku ndi tsiku, ndipo mwana sadzakuonani mukutsegula m'mawa uliwonse. Mwana amafuna malo amene bambo ake amakonda kupitako. Komabe makina alionse amene amathira kanthu m'thanki muziwaona ngati adzakanirira tsiku lina ali oyaka, ndiye mudzifunse kuti zikadzatero chidzachitike n'chiyani.

Ine zinandichitikira. ATO yanga yoyamba inali ndi sensa (kachipangizo kozindikira mulingo wa madzi) imodzi yoyandama. Kankhono kanakwera pamenepo n'kuipanikiza pansi, makina n'kumaona ngati madzi achepabe, pampu n'kukhuthula mgolo wonse wa malita 40. Ndinadzuka pansi pali nyanja, mchere utatsika, makorali atatseka onse. Kwa inu tiyerekeze kuti madzi enieni, kuchotsa malo a miyala n'kuwonjezera sump, ndi malita 270, mchere uli pa 35 ppt (magawo 35 a mchere pa magawo 1,000 aliwonse). Mukalowa malita 10 a madzi opanda mchere nthawi imodzi, mutsikira pa 33.7 kapena 33.8, zimene zamoyo zambiri zingapirire. Mukalowa malita 40 mufika cha m'ma 30.5, sump itasefukira kale. Choncho chigubu cha ATO chikhale chaching'ono, cha malita 10, chokwana masiku atatu. Kudzaza kawiri pa sabata si ntchito. Sankhani ATO ya masensa awiri osiyana mtundu, ina yoona ndi kuwala, ina yoyandama yokhala chapamwamba, komanso yoti pampu ikayaka nthawi yopitirira imazima yokha. Sensa muziipukuta mwezi uliwonse chifukwa mchere umaundana pamenepo. Ndipo kukamwa kwa paipi yothira kukhale pamwamba kuposa madzi a m'chigubu, apo ayi pampu ikazima madzi azingotsikabe okha.

Muchigubumo muzikhala madzi a RO/DI okha, amene ndi madzi osefedwa kwambiri opanda mchere. Ena amathiramo kalkwasser, koma m'nyumba mokhala mwana wa chaka chimodzi ine sindingavomere. Ndi laimu wosungunula, pH yake imaposa 12, ndipo akalowa m'diso amawotcha.

Za pampu yothira mankhwala ndingati dikirani kaye. Muli ndi makorali ofewa ndi hammer imodzi. Yezani alkalinity nthawi yofanana kwa sabata yathunthu muone mmene ikutsikira. Ngati ikukhala pakati pa 7 ndi 9 dKH ndipo calcium sikutsika pansi pa 400, kusintha madzi kokha kukukwanirani. Botolo lililonse limene simunaike m'kabati ndi botolo limene mwana sangamwe.

Magetsi tsono. Magetsi a thanki yonse adutsire pa RCD ya 30 mA, ena amati GFCI, kachipangizo kodula magetsi kokha akayamba kudutsa posayenera. Madzi amchere amadutsitsa magetsi kwambiri kuposa madzi wamba, ndipo hita yagalasi ikang'aluka mu sump, dzanja limene lili m'madzimo ndi limene limalandira. Taganizani kuti Lachisanu lija dzanja linali la ndani. Batani loyesera RCD muzilidina mwezi ndi mwezi. Masoketi akhomereni m'mwamba, mbali yotalikana ndi sump, ndipo nthambo iliyonse iyambe yatsika pansi kenako ikwere kupita ku soketi, kuti dontho loyenda pa nthambo ligwere pansi osati m'magetsi. Nthambo zotsala muzikulunge n'kumanga, pasakhale yolendewera yoti mwana angakoke kapena kuikola m'khosi.

RCD ili ndi vuto limodzi: ikathima, zonse zimaima. Nsomba sizifa msanga ndi kuzizira, zimafa ndi kusowa mpweya madzi akasiya kuyenda. Pampu imodzi yotakasa madzi m'thanki ikhale ndi batire yake. Komanso yesani izi mwana atagona: zimitsani magetsi onse n'kuyang'ana madzi amene atsikire mu sump. Ngati afika pafupi ndi mlomo, chepetsani mulingo wa madzi a mu sump kapena kwezani kukamwa kwa paipi yobweza.

Hita ikhale ndi choizimitsa chapadera chokhala ndi sensa yakeyake. Ine ndimasunga madzi pa 25.5°C, ndipo akafika 26.5 magetsi a hita amadulidwa. Mahita awiri ang'onoang'ono ndi abwino kuposa imodzi yaikulu, chifukwa imodzi ikakanirira siingaphike thanki msanga. Ma controller akuluakulu (makina oyang'anira thanki yonse) monga Neptune Apex kapena GHL ProfiLux amachita zonsezi n'kukutumizirani uthenga pafoni, ndipo mukhoza kulumikizako sensa ya madzi otayika pansi ndi kasiwichi ka pachitseko cha kabati. Koma uthenga wa pafoni umafika chitseko chitatseguka kale. Loko ayambe, controller abwere pambuyo.

Agogo a ma zoa

Mwanawe, mwati muli ndi ma zoa ambiri. Apa ndi pamene ine ndaima.

Mitundu ina ya m'banja limeneli, makamaka Palythoa, imakhala ndi palytoxin, imodzi mwa poizoni zoopsa kwambiri za m'chilengedwe. Asayansi anaipatula koyamba mu 1971 kuchokera ku Palythoa ya ku Hawaii. Mu 2015 bungwe la CDC la ku America linafalitsa lipoti la anthu a ku Alaska amene anadwala pakati pa 2012 ndi 2014 chifukwa cha makorali amenewa, m'masitolo ndi m'nyumba momwe, ena osawagwira n'komwe koma kungopuma mpweya wake. Zizindikiro zake ndi kutentha thupi, kubanika, kupweteka kwa minofu ndi kakomedwe kachitsulo m'kamwa. Mankhwala othetsa poizoniyu palibe, kuchipatala amangothandiza thupi kuti lipirire. Ndipo ndi maso okha simungasiyanitse bwinobwino yoopsa ndi yosaopsa.

Zikakhala m'madzi osazisokoneza ngozi ndi yochepa. Ngozi imabwera mukatulutsa mwala, mukamadula, mukamakwecha ndi burashi, kapena kuthira madzi otentha. Mwala wa m'thanki musadzauwiritse, nthunzi yake imagwira nyumba yonse. Mukamagwira ntchito valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, mwana asakhale m'nyumbamo, ndipo thaulo lopukutira manja lisagone pansi. Mwana wa msinkhu umenewu chilichonse chimathera m'kamwa. Zidzukulu zanga zitayamba kubwera, Palythoa zazikulu zabulauni ndi zobiriwira zija ndinazichotsa pamodzi ndi mwala wake, nditaukulunga m'mapepala apulasitiki awiri. Zinandiwawa, ndinali nditazisamala zaka zambiri, koma sindinabwerere m'mbuyo.

Komanso musadzaike nsomba za lionfish kapena foxface, minga yake ili ndi ululu. Ndipo dzanja la mwana likalowa m'madzi a thanki lisambitseni ndi sopo, makamaka ngati pali kachilonda, chifukwa muli kachilombo kotchedwa Mycobacterium marinum kamene kamayambitsa zotupa zosapola msanga. Mukadzaona chotupa chotero, muwauze adokotala kuti kwanu kuli thanki ya nsomba.

Bambo wa kamtsikana

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri pamodzi ndi akunyumba. Maloko a maginito ndamanga dzulo madzulo. Mankhwala oyezera ndi mchere zasamukira pamwamba. Ndinayesa kuzimitsa magetsi monga munanenera achimwene, ndipo madzi anatsala masentimita awiri okha kuti asefukire, choncho ndakweza paipi yobweza. Ndapezanso kuti soketi imene thanki yakhala ikugwiritsa ntchito zaka zitatu zonsezi ilibe RCD. Wamagetsi akubwera Loweruka. Pampu ya mankhwala ndaisiya kaye, ndayamba kulemba alkalinity m'kope.

Agogo, ndili ndi mwala umodzi wa Palythoa zobiriwira pakona ya kumanzere. Ndiuchotsa tsiku limene mwana ndi amayi ake sadzakhalapo.

Funso limodzi latsala. Mwanayu amakonda kuima pansi pa thanki n'kuyang'ana m'mwamba, ndipo magetsi a buluu aja amamuwalira m'maso mwachindunji. Ife akuluakulu sitiona chifukwa timayang'ana kuchokera pamwamba. Ndichite bwanji?

Mayi wa atatu

Gwadani pansi pamalo pomwe iye amaima, mutu wanu ufanane ndi wake, ndiye muyang'ane. Mudzaona timababu tonse tikuthobwa. Ine ndinamangirira kathabwa kopyapyala kakuda kutsogolo ndi m'mbali mwa nyali, kotsika masentimita 10, ndipo ndinatsitsa nyaliyo pang'ono n'kuchepetsa mphamvu yake kuti makorali asapse. Mukadali chigwadire chomwecho, yang'ananinso pansi pa kabati ndi kuseri. Ine ndinapezako chivindikiro cha botolo ndi timiyala tiwiri ta mchere woundana timene ndili chiimire sindinkationa.

Nthawi yodyetsa nsomba muzimunyamula, chakudyacho muzithira ndinu, iye azingoloza. Wanga wamng'ono mawu ake oyamba pambuyo pa "amama" anali "omba", akuloza clownfish.