Kodi liwu lakuti "boma" linachokera ku Chingerezi?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Mphwanga amene ali Fomu 3 wandiuza kuti aphunzitsi ake akuti liwu lakuti "boma" ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti British Overseas Military Administration. Malume atamva zimenezi anakanitsitsa kwamtuwagalu, koma sanafotokoze chifukwa chake. Zoona zake n'ziti?

Wa ku Dedza: Agogo anga aakazi akanena kuti akupita ku boma sankatanthauza nduna kapena pulezidenti ayi. Ankanena malo amene kunali ofesi ya bwana DC, polisi, khoti ndi chipatala. Kumeneko n'kumene amuna ankakapereka msonkho, ndipo agogowo ankati munthu akaitanidwa ku boma, a pabanja pake sankaona tulo mpaka atabwerako.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Aphunzitsi a mwanayo sanalakwitse. Angerezi anakhazikitsa ulamuliro wawo kuno mu 1891, mtsogoleri wawo Harry Johnston n'kukhala ku Zomba, ndipo paliponse pamene anaika asilikali ndi maofesi ankapatcha BOMA. Ine ndinaphunzira choncho ndipo ndaphunzitsa choncho moyo wanga wonse.

Wa ku Karonga: Pepani bambo, koma liwuli ndi la Chiswahili, ndipo limatanthauza mpanda wotchinga mudzi kapena ziweto, chimene makolo athu ankati linga. Amalonda olankhula Chiswahili monga Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi, amene anagonjetsedwa kuno kwathu mu 1895, ankakhala m'malinga oterowo. Mzungu wofufuza malo Henry Morton Stanley anali atalilemba kale liwuli m'zaka za m'ma 1870, ulamuliro wa atsamunda usanayambe m'dziko muno, kotero Chingerezi ndicho chinachita kubwereka. Komanso Ajeremani anamanga maboma awo ku Bagamoyo, Mikindani ndi Arusha m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kodi Mjeremani akanalola kutchula likulu lake ndi dzina la asilikali a Angerezi, anthu amene ankalimbirana nawo mayiko?

Mphunzitsi wopuma ntchito: Mwafotokoza bwino mwananga, koma zilembo zinayi sizingagwirizane chonchi mwangozi. Ngakhale ku Zambia, kumene kunalinso Angerezi omwewo, anthu amati ku boma mpaka lero.

Mayi wa ku Ntcheu: Chimene chikundidandaulitsa ine n'chakuti ana a masiku ano liwu lakuti linga salidziwa n'komwe. Ukawatuma ku boma amakufunsa ngati ukunena ku tauni, ndipo boma limene amalidziwa ndi lija lokuwa pamisonkhano ya ndale kuti "Boma ilo!" Mayi anga ankasiyanitsa bwinobwino mpanda wa udzu, khola la ng'ombe ndi linga la nkhondo, koma adzukulu awo zonsezi amangoti fensi.

Wa ku Karonga: Bambo mphunzitsi, zilembo zotere munthu angathe kuzipeka pambuyo pake, liwu litakhazikika kale. Tionetseni kalata imodzi yokha ya atsamunda yokhala ndi mawu anayiwo pamutu pake.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Makalata a nthawi imeneyo amasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo inu amene mukadali ndi mphamvu ndinu oyenera kukafufuza. Ine pa mfundo yangayi sindinasunthe.