Loya wa boma pa milandu yakuba ndalama za chipatala ku America, ntchito yake imakhala bwanji?

Nabanda_MD: Abale, mwana wa achemwali anga wamaliza sukulu ya zamalamulo kuno ku Maryland ndiye akuti akufuna ntchito ya boma yolimbana ndi akuba ndalama za Medicare, inshuwalansi ya boma yolipirira okalamba kuchipatala. Ine ndikungoti eya eya koma sindikumvetsa, amagwira madokotala kapena ndani?

Chikondi77: Madokotala, ma pharmacy, makampani a mankhwala, onse aunt. Ena amalipiritsa boma thandizo lomwe sanapereke, ena amalandira ziphuphu kuti azilembera odwala mankhwala a kampani inayake. Chida chachikulu ndi False Claims Act, lamulo la 1863 nthawi ya pulezidenti Lincoln, ukapezeka wolakwa umabweza katatu ndalama unabayo, ndipo woulula chinsinsi amapatsidwa 15 mpaka 30 peresenti ya zomwe boma lapeza ndiye mwaona milandu yambiri amayambitsa ndi manesi komanso ogwira ntchito mkati momwemo. Kampani ya mankhwala ya GlaxoSmithKline mu 2012 inalipira boma madola 3 biliyoni pa milandu ngati imeneyi.

Mjomba_Phiri: Koma amuuze asayembekezere za m'mafilimu. Ndi mapepala okhaokha, ma bilu a odwala mulu, mlandu umodzi zaka, ndipo yambiri imathera pa kugwirizana osafika kwa jaji. Malipiro nawonso ndi ochepa poyerekeza ndi maloya a makampaniwo.

Chikondi77: Zoona amjomba. Ayesenso ku Medicaid Fraud Control Unit ya state yake, ofesi yolimbana ndi akuba ndalama za Medicaid (thandizo la boma la chipatala kwa osauka), kumeneko amatsatanso ozunza agogo m'nyumba zosungira okalamba.

Nabanda_MD: Zikomo, ndimuuza afufuze ku Baltimore kaye.