Makoma ochindikala ndi mawindo ang'onoang'ono m'matchalitchi akale a m'midzi ya ku Ulaya

Nabanda:
Ndakhala ndikuyang'ana zithunzi za matchalitchi a m'midzi ya ku Ulaya omwe anamangidwa pakati pa zaka za 1000 ndi 1200, m'mamangidwe otchedwa Romanesque. Chandidabwitsa n'chakuti makoma ake ndi ochindikala zedi pamene mawindo ake ndi timibowo chabe. Kodi ankamanga chonchi poopa adani, kapena pali chifukwa china? Odziwa andithandize.

A Mbewe:
Mayi Nabanda, chifukwa chachikulu ndi kulemera kwa miyala. Amisiri a nthawi imeneyo ankamanga makomo, mawindo, ndiponso nthawi zina denga lenilenilo mokhota ngati uta. Denga lamiyala lotere silitsamira pansi pokha koma limakankhiranso makoma kunja, moti khoma likakhala lopyapyala kapena lobooledwa kwambiri limang'aluka. Mawindo akuluakulu anadza ndi mamangidwe a Gothic, omwe anaonekera pa tchalitchi cha Saint-Denis pafupi ndi Paris cha m'ma 1140.

A Gondwe:
Ndikugwirizana nawo a Mbewe, koma osati pa zonse, chifukwa matchalitchi ambiri a m'midzi anali ndi denga la mitengo. Kuchindikalako kunkachokeranso m'kamangidwe: ankaika mizere iwiri ya miyala, n'kuthira zidutswa za miyala ndi matope a laimu pakati pake. Galasi nalonso linali lodula, chomwe ndi chifukwa china chimene mawindo ankachepera. Koma ndikupemphani, Mayi, musaone ngati amisiriwa anali osakonda zokongola. Pa tchalitchi chaching'ono cha ku Kilpeck, m'dera la Herefordshire ku England, chomwe chinamangidwa cha m'ma 1140, anasema pakhomo njoka zolumana michira, ndipo m'munsi mwa denga muli galu ndi kalulu atayandikana mitu, zomwe zikuonekabe bwino mpaka lero.

Nachisale:
Ine chimandikhudza kwambiri ndi tchalitchi cha Sant Climent de Taüll m'mapiri a ku Catalonia m'dziko la Spain, chomwe chinapatulidwa mu 1123. Nsanja yake ya belu ili ndi zipinda 6 zosanjikizana, ndipo m'mwambamo mawindo ndi otakasuka, zomwe zimachepetsa kulemera. M'kati munali mdima ndithu, koma makoma anali opakidwa zithunzi za mitundu yowala. Kuseri kwa guwa, m'malo okhota a kum'mawa, munali chithunzi cha Khristu atagwira buku lolembedwa m'Chilatini kuti iye ndiye kuunika kwa dziko, ndipo alimi ankachiona m'kuwala kwa makandulo. Chithunzicho anachimatula pakhoma cha m'ma 1920 ndipo tsopano chili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Barcelona.